Kukokomeza

Kukokomeza ndi kunena chinthu mopyola muyeso wake weniweni, kaya pochikuza, pochichulukitsa kapena pochichepetsa kuposa mmene chilili. Munthu amene wangophonya nsima ya masana n'kunena kuti "ndafa ndi njala" wakokomeza. Sanafe, ndipo womumvayo akudziwa kuti sanafe. Chimene watolapo n'chakuti njalayo yafika povuta. M'maphunziro a Chichewa a m'sukulu za ku Malawi, kukokomeza kotere kukapezeka m'ndakatulo, m'nthano kapena m'sewero kumatchedwa voko. M'Chingerezi ndi m'ziyankhulo zambiri za ku Ulaya dzina lake ndi hyperbole, mawu ochokera ku Chigiriki amene akatswiri a kayankhulidwe akhala akuwagwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 2,300.

Tanthauzo

Mawu akuti kukokomeza amanyamula zinthu ziwiri zimene zimafanana pamaso koma n'zosiyana. Choyamba ndi luso la kayankhulidwe: woyankhula amanena chinthu chosatheka kapena chovuta kukhulupirira, ali ndi chikhulupiriro chakuti womvera sachitenga mmene chanenedwera. Ili ndilo voko kapena hyperbole. Chachiwiri ndi kuwonjezera nkhani ndi cholinga chakuti womvera akhulupirire zowonjezerazo, monga msodzi amene wagwira chambo 20 n'kukauza anzake kuti anagwira 60. Wa voko amafuna kuti kuwonjezerako kuonekere, wowonjezera nkhani amafuna kuti kubisike.

Pali chizindikiro chosavuta chosiyanitsira ziwirizi. Voko limapambana likapitirira kwambiri. Mayi akauza mwana kuti "ndakuuza kambirimbiri, mpaka pakamwa panga pachita dzanzi", palibe amene angamutsutse. Akanati "ndakuuza kanayi" pamene anamuuza kawiri, mwanayo akanayamba kuwerenga. Kuwonjezera pang'ono n'kumene kuli pafupi ndi bodza, chifukwa kumakhulupirika.

Chiyambi cha mawu a hyperbole

Mawu a Chigiriki akuti hyperbolē anapangidwa ndi zigawo ziwiri: hyper, kutanthauza "kupitirira" kapena "pamwamba pa", ndi mneni ballein, kutanthauza "kuponya". Tanthauzo lake loyamba ndi kuponya mopitirira, monga wa mpikisano amene waponya chitsulo n'kukagwa kuseri kwa pamene anzake analekezera. Mneni wake amapezeka kale m'ndakatulo ya Iliad ya Homer, pofotokoza mpikisano woponya chitsulo pa masewera a maliro a Patroclus. Agiriki ankagwiritsanso ntchito mawuwa ponena za kuoloka phiri ndi mpata wodutsira phirilo, ndipo kuchokera apo anafika potanthauza chilichonse chopitirira muyeso: chuma, ukali, kutentha ngakhalenso ubwino.

Aristotle, amene anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 BC, anagwiritsa ntchito mawuwa m'njira ziwiri. M'buku lake la makhalidwe, Nicomachean Ethics, hyperbolē ndi kupitiriza muyeso, elleipsis ndi kuperewera, ndipo khalidwe labwino lili pakati pa ziwirizo. Kulimba mtima, mwachitsanzo, kuli pakati pa mantha ndi kudziponya m'ngozi mosaganiza. M'buku la Rhetoric, lonena za luso lokopa anthu poyankhula, mawu omwewo akuimira kukokomeza. Mawu awiriwa anadzalowanso m'masamu. Apollonius wa ku Perga, amene analemba m'zaka za m'ma 200 BC za mizere yokhota imene imatuluka munthu akadula chinthu chosongoka ngati denga la nkhokwe, anaitcha mizereyo hyperbola, ellipse ndi parabola, kutanthauza yopitirira, yoperewera ndi yofanana. Choncho hyperbola wa m'kalasi ya masamu ndi hyperbole wa m'kalasi ya ndakatulo ndi mawu amodzi amene anangosiyana njira.

Mneni ballein anabala mawu ena ambiri odziwika. Parabolē, kuponya chinthu pambali pa chinzake kuti ziyerekezedwe, ndiwo mawu amene Chipangano Chatsopano chimatchulira mafanizo a Yesu. Diabolos, woponyera mnzake mawu oipa, ndiye woneneza kapena wosinjirira, ndipo ndi dzina limene Baibulo la Chichewa limalimasulira kuti Mdyerekezi. Mawu a Chingerezi akuti symbol ndi problem achokeranso pa tsinde lomweli.

Nthawi zina kumamveka nkhani yakuti hyperbole ndi dzina la munthu. N'zoona kuti ku Athens kunali wandale wotchedwa Hyperbolus, amene wolemba masewero Aristophanes ankakonda kumunyoza, ndipo anapirikitsidwa mumzindamo ndi mavoti a anthu cha pakati pa 417 ndi 415 BC, n'kukaphedwa pa chilumba cha Samos mu 411 BC. Koma mawuwa sanachokere kwa iye. Mneni wake unalipo zaka mazana angapo iye asanabadwe.

Zimene akatswiri akale ananena

Aristotle sanali wokonda voko kwenikweni. M'gawo lachitatu la Rhetoric anavomera kuti voko lokonzedwa bwino ndi mtundu wa fanizo, ndipo anapereka chitsanzo cha munthu womenyedwa m'maso amene anamuyerekeza ndi dengu la mabulosi: kufiira ndi kuda kwa nkhope yotupa n'koona, kuchuluka kwa mabulosiwo ndiko kokokomeza. Koma anatinso kayankhulidwe aka n'kachinyamata, kosonyeza mtima wotentha, kamene anthu okwiya amakagwiritsa ntchito koposa, ndipo n'kosayenera munthu wachikulire. Chitsanzo chake cha mkwiyo chinali Achilles, amene pokana kugwirizananso ndi Agamemnon ananena kuti sangafewe mtima ngakhale mphatso zitachuluka ngati mchenga ndi fumbi.

Aroma analandira mawuwa, koma anayesanso kuwamasulira. Buku lophunzitsira luso loyankhula lotchedwa Rhetorica ad Herennium, lolembedwa cha m'ma 80 BC, limagwiritsa ntchito mawu a Chilatini akuti superlatio, kunyamula chinthu n'kuchipititsa pamwamba. Amene analemba mozama pa nkhaniyi ndi Quintilian, mphunzitsi wobadwira ku Spain amene anamaliza buku lake la magawo 12, Institutio Oratoria, cha m'ma 95 AD. Mfundo zake zikadali maziko a zimene mabuku a sukulu amaphunzitsa lero. Iye anati voko limagwira ntchito mbali zonse ziwiri, kukuza ndi kuchepetsa. Anati limanena zosaona, koma osati ndi cholinga chonamiza. Anati ngakhale limapitirira zimene munthu angakhulupirire, liyenera kukhala ndi malire, chifukwa likapyola limasanduka choseketsa, ndipo ngati woyankhulayo sanafune kuseketsa, anthu amamuona wopusa. Anaonanso kuti si luso la ophunzira okha: alimi ndi anthu osapita kusukulu amakokomeza tsiku ndi tsiku, chifukwa munthu aliyense ali ndi chibadwa chosakhutira ndi kunena chinthu mmene chilili basi. Ndipo anapereka chifukwa chimene voko lingakhalire loyenera: pamene chinthu chonenedwacho n'chachikulu moti mawu wamba sangachifike, ndi bwino mawu apitirire kusiyana n'kuti aperewere.

Seneca, m'buku lake lonena za mphatso ndi kuthokoza, anafotokoza kuti voko limanena zosakhulupirika kuti lifikitse munthu pa zokhulupirika. Wolemba buku la On the Sublime, amene amatchedwa Longinus, anawonjeza kuti voko labwino koposa ndi limene womvera salizindikira kuti ndi voko, chifukwa latuluka pamene mtima wadzaza ndipo likugwirizana ndi kukula kwa nkhaniyo. Mfundo ya Longinus imaoneka ngati ikutsutsana ndi yakuti voko liyenera kuonekera, koma sizili choncho. Womvera amadziwa kuti mawuwo si enieni. Chimene sayenera kumva ndi fungo lakuti woyankhulayo wachita kuwakonzekera kuti adzionetse.

M'Chingerezi ndi m'ziyankhulo zina

Mawu a hyperbole analowa m'Chingerezi kudzera m'Chilatini m'zaka za m'ma 1400. Amatchulidwa ndi maphatikizo anayi, "hai-pa-bo-li", ndipo e wa kumapeto amamveka, chinthu chimene chimapunthwitsa ngakhale eni chiyankhulocho akakumana nawo koyamba m'buku. Mu 1589 George Puttenham, m'buku la The Arte of English Poesie, anayesa kupatsa nsinjiro zonse za chiyankhulo mayina a Chingerezi, ndipo voko analitcha ndi mayina otanthauza "wotambasula dzanja mopitirira" ndi "wabodza wofuula". Mayinawo sanakhazikike, la Chigiriki ndilo linatsala.

Chingerezi chili ndi mawu enanso awiri. Exaggerate anachokera ku Chilatini exaggerare, kuunjika, kuchokera ku agger, mulu wa dothi. Atangolowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500 ankatanthauzadi kuunjika zinthu, ndipo tanthauzo la kukuza nkhani linabwera pambuyo. Overstatement ndi mawu a Chingerezi chenicheni, kunena mopitirira. Pa atatuwa, hyperbole yekha ndiye dzina la luso. Awiri enawo nthawi zambiri amanenedwa modzudzula.

Mitundu ina inali ndi mayina akeake isanakumane ndi mabuku a Agiriki kapena mosadalira iwo. Akatswiri a ndakatulo za Chisanskrit ku India, monga Bhamaha ndi Dandin, analemba za atiśayokti, mawu opitirira. M'Chiarabu ndi mubālagha, ndipo akatswiri ake anakugawa patatu potengera mtunda umene kwayenda: tablīgh ndi chinthu chotheka ndipo chimachitika, ighrāq ndi chotheka m'maganizo koma sichichitika, ghuluww ndi chosatheka konse. M'Chiswahili amati chuku, ndipo wokokomeza amati akupiga chuku. M'Chizulu ndi ihaba.

M'Chichewa

Kapangidwe ka mneni kukokomeza kakuonetsa ubale ndi kukokoma ndi mkokomo, phokoso lalikulu lomveka patali ngati la madzi a mathithi kapena la mvula ikamabwera. Kukokomeza nkhani kuli ngati kuichititsa mkokomo. Pali aneni ena oyandikana nawo, aliyense ndi kakomedwe kake. Kukuza nkhani ndi kutenga kanthu kakang'ono n'kukasandutsa mlandu. Kuwonjezera ndi kuikamo zimene munalibe. Kukometsera ndi kukokomeza ubwino, monga amachitira wogulitsa malonda kapena wofunsira mbale wake mbeta. Kusinjirira n'kochititsa chidwi kwambiri: kukhitchini ndi kuthira nsinjiro m'ndiwo kuti zikome, koma ponena za munthu ndi kumunenera zoipa zowonjezera. Aphunzitsi akamati zining'a, miyambi ndi zifanifani ndi nsinjiro za chiyankhulo, akugwiritsa ntchito chithunzi chomwecho. Monga Chigiriki chinatulutsa voko ndi kuneneza pa mneni mmodzi, Chichewa nachonso chinatulutsa kukometsa mawu ndi kuipitsa mbiri ya munthu mumtondo umodzi.

Chichewa chili ndi zipangizo zambiri zokokomezera, ndipo zina zili m'malamulo enieni a chiyankhulo. Mphatikiram'mbuyo chi- kapena zi- amakuza dzina: chimvula, chinyumba, chimunthu, zimiyendo. Kubwereza mawu kumachulukitsa kapena kutalikitsa: ambirimbiri, kutalitali, kalekale, zikwizikwi, miyandamiyanda. Poyankhula, kukoka liwu kumachita ntchito yomweyo, ndipo "ukooo" wotalika amakafika kutali kuposa "uko" wamba. Mvekero nayo imafikitsa chinthu pamapeto ake: kuda bii, kuyera mbee, kufiira psuu, kudzaza tho, zinthu zili mbwee. Zipangizo zimenezi pazokha si voko, pakuti nyumba ikhoza kukhaladi chinyumba, koma ndizo zimene wokokomeza amayamba kutola.

Njira yofala kwambiri ndi kuyerekeza. Anthu pamsonkhano anali ngati mchenga, mwana wawonda ngati bango, mnyamata ndi wamtali ngati mlongoti, mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Apa chifanifani ndi voko zakumana, monga Aristotle ananenera. Ina ndi kugwiritsa ntchito mawu osasiya mpata, monga onse, konse, palibe ndi mpaka kale: "mudzi wonse unali kumeneko", "sindinagone usiku wonse", "ndilibe ngakhale tambala". Chitsanzo chomalizachi ndi voko lochepetsa limene Quintilian anatchula. Njira yachitatu ndi kubwereka mawu a imfa ndi kuonongeka kwa thupi: ndafa nako kuseka, mutu ukung'ambika, msana wathyoka ndi ntchito, ndatheratu.

Voko likagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali limazilala, anthu osalimvanso ngati voko. Mkazi wokongola amatchedwa chiphadzuwa, ndipo ndi ochepa amene amaima n'kuganiza kuti mawuwa akunena munthu amene kukongola kwake kumapha dzuwa. Mawu akuti koopsa anachokera ku kuopsa, koma lero ndiwo zimakoma koopsa ndipo mwana amakhoza koopsa m'kalasi, popanda woopa aliyense. Chingerezi chinachita zomwezo ndi terribly ndi awfully. Mawu akazilala chonchi, oyankhula, makamaka achinyamata, amafunafuna ena atsopano amphamvu, ndipo n'chifukwa chake mawu okokomezera ndi amene amasintha msanga m'chiyankhulo chilichonse.

Si paliponse pamene mwambo umalola kukuza. Pa maliro, polankhula za malemu, anthu amati mtengo waukulu wagwa ndipo ana atsala padzuwa. Potamanda mfumu kapena mlendo wolemekezeka, ndi poulutsa mpira pa wailesi, voko limayembekezeka, ndipo wolankhula mouma amaoneka ngati alibe chidwi. Koma munthu wobweretsa mphatso, ngakhale itakhala mbuzi yathunthu, amati wabwera ndi kangachepe. Wodwala kwambiri amanenedwa kuti sakupeza bwino, ndipo womwalira amati watisiya. Munthu yemweyo amene wafa ndi njala masana, madzulo akakhala mlendo amati wadya pang'ono chabe akhuta. Kudziwa pokuza ndi pochepetsa ndi mbali ya ulemu imene mwana amaphunzira asanamve n'komwe dzina lakuti voko.

M'mabuku a chipembedzo

M'Chipangano Chatsopano cha Chigiriki mawu akuti hyperbolē amapezeka maulendo 8, onse m'makalata a Paulo, monga pa Aroma 7:13, 1 Akorinto 12:31, 2 Akorinto 4:17 ndi Agalatiya 1:13. M'malo onsewa sakutanthauza luso la kayankhulidwe koma chinthu chopambana kapena chopitirira muyeso. Luso lenilenilo limapezeka kwambiri m'mawu a Yesu: chipika m'diso la munthu amene akuona kachitsotso m'diso la mnzake pa Mateyu 7:3-5, kukolowola diso ndi kudula dzanja pa Mateyu 5:29-30, kumeza ngamira pa Mateyu 23:24, ndi ngamira yodutsa pa diso la singano pa Mateyu 19:24, Marko 10:25 ndi Luka 18:25.

Mbiri ya kamasuliridwe ka ngamirayi ikuonetsa mmene owerenga amavutikira ndi voko. Ena anaphunzitsa kuti ku Yerusalemu kunali kachipata kotchedwa Diso la Singano kamene ngamira inkadutsa chogwada itatsitsa katundu, koma palibe umboni wa m'nthawi ya Yesu wosonyeza kuti chipata chotere chinalipo. Ena anati mawu oyenera ndi kamilos, chingwe chachikulu, osati kamēlos, ngamira. Mafotokozedwe onse awiriwa amafuna kusandutsa chosatheka kuti chikhale chovuta chabe. Komatu chithunzi chofanana nacho chili mu Talmud ya ku Babulo, mmene nyama yake ndi njovu, ndiponso mu Korani pa Sura 7:40, mmene ndi ngamira. N'zoonekeratu kuti anali mayankhulidwe odziwika m'dera limenelo otanthauza chinthu chimene sichingachitike. Arabi a Chiyuda ankazindikira kuti malemba amakokomeza: mu Talmud anatchula mizinda ya malinga ofika kumwamba ya pa Deuteronomo 1:28 ngati chitsanzo. Vuto la mbali inayo, kutenga voko ngati lamulo, lilinso ndi mbiri yake. Wolemba mbiri ya mpingo Eusebius anasimba kuti Origen wa ku Alexandria ali mnyamata anadzifula chifukwa chotenga mawu a pa Mateyu 19:12 mmene analembedwera, ngakhale akatswiri ena amakayikira nkhaniyi.

Kukokomeza ndi bodza

Katswiri wa nzeru za chiyankhulo Paul Grice, mu nkhani yake yotchuka yofalitsidwa mu 1975, anafotokoza chifukwa chake voko silisokoneza anthu. Pokambirana, aliyense amayembekeza kuti mnzake anena zoona. Wina akanena chinthu chimene onse awiri akuona kuti si choona, womvera saganiza kuti akunamizidwa. Amafunafuna chimene mnzakeyo akutanthauza. Zonse zimadalira kuti onse awiri akudziwa muyeso weniweni wa chinthucho. Pamene womvera sakuudziwa, monga mwana wamng'ono, mlendo amene akuphunzira chiyankhulo, kapena wogula amene sanaone katundu, mawu omwewo akhoza kunamiza.

Makhoti akhala akulimbana ndi malire amenewa, makamaka pa zotsatsa malonda. Malamulo a ku England amalola wamalonda kukometsera katundu wake ndi mawu amene munthu wanzeru sangawatenge ngati lonjezo, ndipo kukometsera kotere amakutcha puff. Mlandu wodziwika kwambiri ndi wa Carlill v Carbolic Smoke Ball Company. Mu 1891 kampaniyi inalengeza m'nyuzipepala kuti ipereka £100 kwa aliyense amene angadwale chimfine cha influenza atagwiritsa ntchito mankhwala ake katatu pa tsiku kwa milungu iwiri, ndipo inawonjeza kuti yasungitsa £1,000 ku Alliance Bank pofuna kusonyeza kuti sikuseka. Louisa Carlill anagula mankhwalawo, anatsatira malangizo, ndipo mu January 1892 anadwala. Kampani inakana kulipira, ndipo imodzi mwa mfundo zake inali yakuti kunali kukometsera malonda chabe. Khoti la apilo linagamula mu December 1892 kuti mayiyo alipidwe: kampani imene yatchula ndalama zosungitsa ku banki singabwerere n'kunena kuti inkangokokomeza. Popeza malamulo a mapangano a ku Malawi ndi ku Zambia anachokera ku malamulo a ku England, ophunzira zamalamulo m'mayikowa amakumana ndi mlanduwu kumayambiriro kwa maphunziro awo.

Mlandu wa Leonard v. Pepsico ku United States unathera mbali ina. Kampani ya Pepsi inaonetsa pa wailesi yakanema mphatso zimene ogula angapate ndi mapointi, ndipo kumapeto, mwanthabwala, inaonetsa mnyamata akufika kusukulu pa ndege yankhondo ya Harrier ya mapointi 7,000,000. Popeza mapointi ankagulidwanso pa masenti 10 imodzi, John Leonard anatumiza cheke cha $700,008.50 n'kupempha ndegeyo, imene mtengo wake unali pafupifupi $23 miliyoni. Mu 1999 woweruza Kimba Wood anagamula kuti palibe munthu woganiza bwino amene akanatenga chithunzicho ngati lonjezo. Milandu iwiriyi ikatsatana, mfundo yake ndi ya Quintilian yomwe ija: Pepsi inapulumuka chifukwa inapitirira kwambiri, kampani ya mankhwala inagwa chifukwa inanena zokhulupirika.

Pa milandu yoipitsa mbiri, Khoti Lalikulu la United States linagwiritsa ntchito ganizo lomweli mu 1970 pa mlandu wa Greenbelt Cooperative Publishing Association v. Bresler. Nyuzipepala inalemba kuti anthu ena pa msonkhano wa khonsolo ya mzinda anatcha kakambidwe ka womanga nyumba wina kuti blackmail, kuopseza munthu kuti akupatse chimene ukufuna. Khoti linati owerenga anamva mawuwo ngati kukokomeza kwa anthu otentha mtima pa mtsutso, osati ngati kunena kuti munthuyo anapalamula mlandu wotero.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku pali malo amene voko limasokoneza ngakhale woyankhula alibe cholinga choipa. Wodwala akauza dokotala kuti sanadye mwezi wonse, kapena mboni ikauza bwalo kuti mudzi wonse unaona, wofunsayo amayenera kubwerezanso funso kuti apeze masiku enieni ndi mayina enieni. Nkhani ikamadutsa pakamwa pa anthu ambiri, voko la woyamba limasanduka chiwerengero cha wachitatu: amene anati anthu anali ngati mchenga ankangofotokoza mmene anaonera, koma wokaulutsa amafuna nambala. Mwambi wakuti kandimverere anakanena za m'maluwa umachenjeza za uthenga woyenda motere. Zikwangwani zotsatsa mankhwala ochiza matenda onse zili m'gulu loopsa kwambiri, chifukwa wowerenga amene akudwala amafuna kuti zikhale zoona.

M'mbiri ndi m'nthano

Olemba mbiri akale ankakokomeza manambala, ndipo nthawi zambiri n'kovuta kudziwa ngati ankafuna kuti akhulupiriridwe. Herodotus analemba kuti Xerxes, mfumu ya Perisiya, pokathira nkhondo Agiriki mu 480 BC anali ndi asilikali oyenda pansi 1,700,000, kuti pamodzi ndi a m'zombo ndi onyamula katundu anapitirira 5,000,000, ndiponso kuti mitsinje ina inaphwa iwo atamwa. Akatswiri a mbiri a masiku ano amati gulu lotere silikanatheka kulidyetsa, ndipo amaika chiwerengerocho pansi kwambiri.

M'nthano muli mtundu wa nkhani umene kukoma kwake konse ndi kukokomeza, ndipo wosimba amanena zosatheka nkhope ili gwa. Ku Ulaya dzina lodziwika ndi la Baron Munchausen. Munthu weniweniyo, Hieronymus Karl Friedrich von Münchhausen, anali Mjeremani amene anakhala ndi moyo kuyambira 1720 mpaka 1797, anagwirapo ntchito ya usilikali ku Russia, ndipo ankadziwika ndi kusimba nkhani zodabwitsa pocheza ndi alendo. Mu 1785 Rudolf Erich Raspe anatulutsa ku England kabuku ka nkhani zosatheka m'dzina la baroniyo, osalembapo dzina lake, ndipo ena anadzawonjezera nkhani zina monga ya kukwera chipolopolo cha mzinga chili m'malere. Mwini dzinayo sanakondwe nazo. Mu 1951 dokotala wa ku London, Richard Asher, polemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, anatenga dzina lomweli n'kutchulira vuto la anthu amene amayendayenda m'zipatala akupeka kapena kukuza matenda awo, ndipo mpaka lero madokotala ambiri amalitchula kuti Munchausen syndrome.